Ssambap ya ku Korea ndi ulemu wa tsamba la nkhwani

M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pamene ku Korea kumatentha ndipo mvula imagwa yambiri, m'misika ya kumeneko mumapezeka mitolo ya masamba a dzungu. Wophika amasankha anthete, amawasadzula pochotsa ulusi wa paphesi ndi wa kumsana kwa tsamba, kenako amawaika pa nthunzi kwa mphindi zochepa chabe. Sawaduladula ayi. Tsamba limafika pa tebulo lathunthu, likadali lobiriwira, ndipo wakudya amaliyala pachikhatho, amaikapo supuni imodzi ya mpunga ndi pang'ono pa msuzi wolimba wa soya, amakulunga n'kuponya m'kamwa. Chimenechi ndi chimodzi mwa zakudya zimene eni ake amazitcha ssambap, mpunga wokulunga m'tsamba, ndipo tsamba tikunenali ndi nkhwani yemweyu amene amayanga m'minda yathu pakati pa chimanga. Maganizo anga ndi akuti chakudyachi n'choyenera kuchiphika m'makomo mwathu, koma osati chifukwa chakuti za ku Korea zatchuka masiku ano pa kanema ndi pa intaneti. Chifukwa chenicheni n'chakuti ssambap imapatsa tsamba malo aulemu pa chakudya, pamene ambiri a ife tinazolowera kuliona ngati ndiwo za tsiku limene m'thumba mulibe kanthu. Amene angamvetse zimenezi adzaona kuti safunika kudikira mabotolo ochokera ku Seoul kuti ayambe.

Mbiri yake ikuchitira umboni. Kukulunga mpunga m'masamba kunali kodziwika kale m'nthawi ya ufumu wa Goryeo, umene unatha m'chaka cha 1392, moti mlakatuli wa ku China wa m'nthawi ya ufumu wa Yuan, Yang Yunfu, analemapo za mmene anthu a ku Goryeo ankadyera mpunga wawo m'masamba aawisi. Buku la miyambo ya pachaka lotchedwa Dongguk sesigi, limene Hong Seok-mo anamaliza mu 1849, limafotokoza kuti pa chikondwerero cha Daeboreum, mwezi woyamba wa chaka ukakhala wathunthu, anthu ankakulunga mpunga m'masamba kapena m'ndere zouma za m'nyanja pokhulupirira kuti akukulunga madalitso a chaka chonse. Ngakhale ophunzira a m'nyumba zapamwamba ankachikonda, chifukwa Yi Deok-mu, polemba buku lake la makhalidwe abwino lotchedwa Sasojeol mu 1775, anachita kulangiza kuti munthu asamakulunge chachikulu mpaka kuyasama mochititsa manyazi. Malangizo otere salembedwa pa chakudya chimene anthu amadya monyinyirika. Komabe kwawo kwenikweni kwa ssambap kunali kwa mlimi. Dziko la Korea ndi la mapiri, malo olimapo mpunga ndi ochepa, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1960 mabanja ambiri akumudzi ankadutsa chaka ndi chaka m'nyengo ya njala yotchedwa borigogae, cha m'ma Meyi ndi Juni, pamene mpunga wa chaka chatha watha koma balere asanache. Anthu otere ankadziwa tsamba lililonse lodyedwa la m'phiri ndi la kuseri kwa nyumba. Mpunga wochepa wosakaniza ndi balere, letesi wothyola pakhomo ndi supuni ya soya wofufumitsa zinkakwana kukhala chakudya cha masana cha munthu wogwira khasu.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa chithunzi chimene ambiri amachiona m'mafilimu n'china: achinyamata atazungulira mbaula ya makala mu lesitilanti, akuwotcha nyama ya nkhumba yamafuta n'kumaikulunga mu letesi. Kudya kotereko kulipodi ndipo n'kotchuka kwambiri, koma kunafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, dzikolo litalemera. Mu 1970 munthu mmodzi ku South Korea ankadya makilogalamu 136.4 a mpunga pachaka. Pofika 2023 anatsika kufika pa 56.4, ndipo kuyambira 2022 nyama imene munthu amadya pachaka inaposa mpunga. Wotengera ssambap ya mu lesitilanti watengera Korea wa lero, wa ndalama. Wofuna imene inalera mibadwo ayang'ane ya pakhomo, imene nyama ikhoza kukhalapo kapena ayi popanda wina kudandaula.

Kaphikidwe kake n'kosavuta, koma kali ndi mfundo zitatu zimene sizifuna kuphonya. Yoyamba ndi mpunga. Uyenera kukhala womatana, ndipo ukadali wofunda amauthira timafuta ta chitowe, mchere pang'ono ndi chitowe chokazinga, kenako amauumba ndi manja onyowa kukhala timibulu tokwana kamwa imodzi, kukula kwake ngati mbamu ya nsima. Yachiwiri ndi tsamba. Masamba ofewa monga letesi ndi kkaennip, tsamba lafungo limene anthu a ku Korea amalikonda kwambiri, amadyedwa aawisi, koma olimba monga a dzungu ndi kabichi amayamba aikidwa pa nthunzi kapena kufwafwazidwa m'madzi owira, kenako amawaziziritsa n'kufinya madzi pang'onopang'ono kuti asang'ambike. Amayi akale a kumeneko sankasonkha moto wachiwiri: ankayala masamba a dzungu pamwamba pa mpunga umene uli pafupi kupsa, n'kuvundikira, ndipo nthunzi ya mpungawo inkamaliza ntchito. Kwa banja limene limawerengera makala, nzeru imeneyi payokha ndi phindu. Yachitatu ndi chokometsera. Chodziwika kwambiri ndi ssamjang, chosakaniza cha doenjang, amene ndi soya wofufumitsa, ndi gochujang, phala lofiira la tsabola, pamodzi ndi adyo, anyezi ndi mafuta a chitowe. Masamba a dzungu kawirikawiri amayenda ndi gangdoenjang, msuzi wa soya yemweyo wophikidwa ndi bowa, anyezi, tsabola ndi tinsomba touma kapena nkhono za m'madzi, mpaka utauma moti sungayenderere. Pa tebulo aliyense amadzikulungira yekha. Ngati chakudyacho ndi chonyamula kupita kuntchito kapena kusukulu, wophika amakulungiratu kambulu kalikonse, chokometsera chili m'kati, n'kuyala m'kontena.

Tsono phindu lake lili pati? Lili pa kuchuluka kwa masamba amene munthu amadya asakudziwa, ndi pa mmene masambawo aphikidwira. Pa ssambap kamwa iliyonse ya mpunga imalowa ndi tsamba lake, nthawi zina awiri, ndipo palibe njira yodyera mpunga wokha n'kukankhira masamba m'mbali mwa mbale. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti munthu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba tsiku lililonse, ndipo aliyense amene anaonapo mmene mtolo waukulu wa nkhwani umafotera mu poto mpaka kusanduka kambale kogawana anthu asanu ndi mmodzi akudziwa kutalika kwa mtunda umene ulipo. Komanso tsamba limene langokhala pa nthunzi mphindi zochepa limasunga zofunika m'thupi zambiri kuposa limene lawira nthawi yaitali. Vitamini C ndi ena a gulu la B amasungunukira m'madzi ndiponso amawonongeka ndi moto, ndipo soda kapena chidulo, zimene timathira kuti masamba afewe msanga, zimawonjezera kuwonongekako. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'Malawi wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Sindikunena kuti mpunga wokulunga m'tsamba ungathetse vuto limeneli, chifukwa magwero ake ndi umphawi, matenda ndi kuchepa kwa chakudya chenichenicho. Ndikunena kuti m'dziko lotere njira iliyonse imene imachititsa mwana kufuna yekha tsamba lobiriwira siyenera kunyozedwa. Mwana amakonda chimene wadzipangira ndi manja ake, ndipo chakudya chokulunga wekha chimamupatsa mpata umenewo.

Wina anena kuti Amalawi sakufunika kuphunzitsidwa ndi anthu a kutali kudya masamba, popeza nkhwani wotendera, mpiru, bonongwe, khwanya, chisoso ndi kholowa tinayamba kudya makolo athu asanamve n'komwe za Korea. Akunena zoona, ndipo nkhwani wotendera bwino ndi nsinjiro sachepera chakudya chilichonse cha dziko lina. Palibe amene akuti tisiye. Koma tiyeni tinene chilungamo pa malo amene masamba ali nawo m'mitima yathu. Mlendo wolemekezeka akafika timathamangitsa nkhuku, ndipo kumupatsa masamba okha timakuona ngati kumunyoza. Pa ukwati masamba amakhala kambali kongokwaniritsa mwambo. Banja likayamba kupeza bwino m'tauni, chizindikiro chake choyamba n'chakuti masamba ayamba kuchepa pa mbale. Ku Korea nakonso nyama yakwera, monga taonera, koma tsamba silinatsike nayo ulemu. Mumzinda wakale wa Gyeongju, pafupi ndi manda a mafumu a ufumu wakale wa Silla otchedwa Daereungwon, muli malo odyera odziwika ndi ssambap, kumene alendo amalipira ndalama zawo kuti awayalire masamba amitundumitundu. Chimene tingatengeko kumeneko si tsamba, pakuti tili nalo kale lochuluka, koma kulimba mtima koliika pakati pa tebulo pamaso pa mlendo.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha eni chakudya ndi amene amawalemekeza: kodi popanda doenjang chimenecho chikadali chakudya cha ku Korea? Funsoli siliyenera kupeputsidwa. Doenjang si chinthu chongosakaniza m'mphindi khumi. Soya amaphikidwa kumayambiriro kwa nyengo yozizira, amasinjidwa n'kuumbidwa kukhala zidina zotchedwa meju, zimene zimamangidwa ndi mapesi a mpunga n'kupachikidwa kuti ziume ndi kufufuma. Kenako zimaviikidwa m'madzi amchere m'mitsuko yadothi kwa masabata angapo, ndipo pamapeto pake madziwo amapatulidwa kukhala ganjang, msuzi wamadzimadzi wa soya, pamene zotsalazo zimapitiriza kukhwima miyezi kapena zaka n'kukhala doenjang. Banja lililonse linali ndi kakomedwe kake, ndipo luso limeneli linkachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi kapena mtengwa. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wopanga zofufumitsa zimenezi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kukoma kumene kumachokera ku ntchito yotereyi sikungapezeke mu mtedza kapena mu tomato, ndipo amene angapeze doenjang yeniyeni m'sitolo za zakudya za ku Asia achita bwino kuigula kuti adziwe chimene eni ake amatanthauza. Sindingalimbikitsenso munthu kuyamba kufufumitsa soya yekha m'nyengo yathu yotentha popanda womuphunzitsa, chifukwa chuku china n'chapoizoni ndipo sichizindikirika ndi maso okha.

Koma mbiri ya chakudyachi ikuonetsa kuti sichinaime malo amodzi. Tsabola, amene lero munthu sangaganize za khitchini ya ku Korea popanda iye, anachokera ku America ndipo anatchulidwa koyamba m'mabuku a kumeneko mu 1614, m'buku la Yi Su-gwang lotchedwa Jibong yuseol. Dzungu nalonso ndi mbewu ya ku America imene inafika mochedwa. Izi zikutanthauza kuti anthu a ku Goryeo ankakulunga mpunga wawo zaka mazana angapo gochujang asanakhaleko ndiponso tsamba la dzungu lisanamere m'dziko lawo. Mpaka lero chigawo chilichonse chimakulunga ndi chimene chili nacho: a m'mphepete mwa nyanja ndi ndere, a kumapiri ndi masamba akutchire monga gomchwi, a pachilumba cha Jeju ndi masamba a soya. Chimene sichisintha ndi kapangidwe kake, ndiko kuti mpunga wosakometsera kwambiri, tsamba lathunthu, ndi kanthu kochepa kolimba ndi kamchere kamene kamadzutsa zonsezo. Wophika wa ku Dedza kapena ku Chipata akhoza kusunga kapangidwe kameneka ndi zimene ali nazo. Usipa wouma wokazinga n'kusinja, anyezi, adyo, tsabola, tomato ndi nsinjiro, zophikidwa pamoto wochepa mpaka zitalimba moti supuni ikhoza kuima, zimagwira ntchito imene gangdoenjang imagwira, makamaka poti eni akewo amathiramonso tinsomba touma. Chofunika n'kunena zoona pa dzina. Chimenecho ndi chakudya chophikidwa potengera njira ya ku Korea, ndipo munthu wa ku Busan akachilawa adzazindikira kapangidwe koma osati kakomedwe ka kwawo. Kuvomereza zimenezi ndi ulemu wokwanira kwa eni mwambo, ndipo kumaposa kugula botolo lodula n'kumaganiza kuti watenga chikhalidwe chonse.

Pali chenjezo lina limene sindingaliyankhe mopepuka, lokhudza masamba aawisi. Ndiwo zambiri za m'matauni athu zimachokera m'madimba othiriridwa ndi madzi a m'mitsinje imene imalandira zonyansa, ndipo mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Ku Korea nako anadutsa m'njira yomweyi. Pamene minda inkathiridwa manyowa a m'chimbudzi, kafukufuku wa dziko lonse wa 1971 anapeza mazira a njoka za m'mimba mwa anthu 84.3 pa 100 alionse amene anayezedwa. Zinatengera zaka zambiri za kuyeza ndi kupereka mankhwala m'sukulu, feteleza wa kufakitale ndi zimbudzi zabwino kuti letesi wawisi akhale chinthu chodya mtima uli m'malo. Ife sitinafike pamenepo paliponse, choncho ssambap yoyenera makomo athu ambiri ndi ya masamba ophika: nkhwani, kabichi, tchayinizi, repu ndi mpiru wamasamba aakulu, zotsukidwa ndi madzi otetezedwa n'kuikidwa pa nthunzi mpaka zitapsa ndithu. Letesi wawisi asiyidwire amene akudziwa dimba limene wachokera ndi madzi amene wamwa. Chigwada chisalowe m'nkhaniyi n'komwe, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka pokhapokha atasinjidwa ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali. Ndipo popeza timibulu timaumbidwa ndi manja, kusamba m'manja ndi sopo ndi gawo la kaphikidwe, komanso mpunga wophika suyenera kukhala m'kontena pamalo otentha kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Za mchere ndinene mwachidule. Zofufumitsa za ku Korea zili ndi mchere wambiri, ndipo boma la kumeneko lakhala zaka likulimbana nazo kuti anthu achepetse, chifukwa amadyabe wopitirira magalamu 5 patsiku amene World Health Organization imalangiza. Ife amene matenda a kuthamanga kwa magazi akutivutitsa kale tisatengere mbali imeneyi. Chokometsera chikhale cha kunsonga kwa supuni, ndipo ngati muli usipa wamchere, mu mpungamo musathirenso wina.

Chatsala ndi mpunga weniweniwo, umene kwa mabanja ambiri kuno ndi chakudya cha Khirisimasi ndi cha alendo, ndipo ena amati sugona m'mimba ngati nsima. Mtengo wake ndi vuto lenileni, ndipo palibe amene angauze banja la ku Ntchisi kuti lisiye chimanga chimene lalima n'kumagula mpunga. Koma kwa anthu a ku Karonga, Nkhotakota, Salima, Bwanje ndi a m'chigwa cha nyanja ya Chilwa mpunga ndi mbewu ya pakhomo, ndipo kwa ena onse ssambap ndi njira yotambasulira mpunga wochepa kuti ukwane anthu ambiri, chifukwa theka la kamwa iliyonse ndi tsamba. Anthu a ku Korea sanauone mpunga woumba ngati chakudya cha mabwana. Mu Meyi 1980, pamene asilikali anazinga mzinda wa Gwangju, amayi a m'misika ankaumba jumeokbap, mibulu ya mpunga ya m'manja, n'kumagawira anthu m'misewu, ndipo mpaka lero chakudyacho chimakumbukiridwa kumeneko monga chizindikiro cha kugawana pa mavuto. Ndiponso mpunga woyera wokhawokha unafika pa tebulo la munthu wamba mochedwa. M'zaka za m'ma 1970, pansi pa ulamuliro wa Park Chung-hee, aphunzitsi ankatsegula makontena a ana asukulu kuona ngati mpunga wasakanizidwa ndi balere, ndipo dzikolo linayamba kudzidalira pa mpunga chakumapeto kwa zaka zimenezo, mbewu yobereka kwambiri ya Tongil itafala. Kukakamiza kotere sikoyenera kusirira, koma kusakaniza kwenikweniko n'kwakale kuposa boma limenelo: pa Daeboreum amaphika ogokbap, mpunga wophatikiza ndi mapira, mawere ndi nyemba, mbewu zimene mlimi wa ku Chikwawa ndi Nsanje amazidziwa bwino. Kusiyana kumene wophika wathu ayenera kukukumbukira n'kwa mtundu wa mpunga. Wa ku Korea ndi wa njere zazifupi zomatana zokha, pamene Kilombero ndi wa njere zazitali ndipo timamunyadira akayoyoka. Pa chakudya ichi kuyoyokako sikufunika. Athiridwe madzi ochulukirapo pang'ono, asakazingidwe m'mafuta poyamba, ndipo aumbidwe akadali wofunda. Mpunga wosweka, umene pamsika umagulitsidwa motsika mtengo, umamatana bwino kuposa wosankhidwa, choncho ndi umene uyenera kugulidwa.